Bokosi Limene Ndinakwirira M'munda mwa Apongozi

Ndinanamiza apolisi kamodzi kokha m'moyo wanga, bodza la mawu atatu, ndipo lero ndilibe banja, ndilibe ntchito, komanso mudzi umene ndinakhalamo zaka khumi ndi chimodzi sindingaupondenso. Dzina langa sinditchula. Akwathu akawerenga andizindikira okha, pomwe ena nonsenu dzinalo silikuthandizani kanthu. Ndikungofuna mumve mmene masewera wamba anasandukira maliro chifukwa cha kusaganiza kwanga ndi mantha anga.

Ntchito yanga inali yoperekeza alendo kuphiri la Mulanje. Ndinkakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Felista, m'mudzi wina kufupi ndi Milonde, ndipo tinali ndi ana aakazi awiri. Kuphiri ndinkapita pakapezeka alendo. Masiku ena onse ndinali mlimi wa nandolo ndi chinangwa ngati wina aliyense.

Chaka china ndinaperekeza mayi wina wa ku Ulaya amene ankangoyang'ana pafoni njira yonse. Titafika pamalo ena anapatuka, n'kupisa dzanja pansi pa mwala, n'kutulutsa kabokosi ka pulasitiki. Ndinaima kukamwa kuli yasa. Iye anaseka n'kundifotokozera kuti amenewa ndi masewera otchedwa jiyokashing'i. Munthu amabisa kabokosi penapake, n'kulemba pa intaneti manambala osonyeza malowo. Ena amatsata manambalawo ndi foni mpaka kukapeza. Akakapeza amalemba dzina m'kabuku kamene kali m'katimo, amatenga kanthu kamodzi n'kusiyamo kena, kenako amakabwezera pomwepo. Anati osewera amayesetsa kuti anthu osadziwa masewerawo asawaone, kuopa kuti angabe kabokosiko.

Ndinaona mwayi. Ndinaganiza kuti ndikabisa langa kwathu, alendo opita kumalire aziima, azindidziwa, mwina n'kunditenga kuti ndiwaperekeze kuphiri. Mayi uja anandithandiza kulembetsa pafoni, ndipo asanachoke anandilangiza zinthu zingapo. Anati chobisamo chizikhala choonekera m'kati, chilembedwe kunja kuti ndi masewera, chisakwiriridwe pansi, ndipo mwini malo ayambe wavomera. Ndinagwedeza mutu pa zonsezi. Inu owerenga, palibe ngakhale chimodzi chimene ndinatsatira.

Choyamba chimene ndinabisa chinalidi cha pulasitiki, chija amaikamo chakudya cha ana a sukulu. Koma mvula ya kwathu kuno mukuidziwa. Pasanathe miyezi iwiri madzi analowa, kabuku kanavunda, chiswe n'kumaliza zotsala. Ndinayamba kufunafuna chinthu cholimba. Tsiku lina lamsika ku Milonde, pamulu wa zitsulo zakale, ndinaona bokosi lachitsulo lobiriwira, lokhala ndi chogwirira ndi labala m'mphepete mwa chivundikiro. Pambali pake panali manambala ndi zilembo zachilendo zofufutika. Wogulitsayo anandiuza poyera kuti linali losungiramo zipolopolo nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Ndinalimiza m'ndowa ya madzi pomwepo ndipo m'kati simunalowe ngakhale dontho. Ndinasangalala ngati ndatola chikwama. Sindinalipente, sindinalembepo kanthu kunja, chifukwa ndinkaona kuti mtundu wobiriwirawo ndi umene uzilibisa bwino muudzu.

Malo amene ndinasankha anali kumapeto kwa munda wa apongozi anga aakazi, pamene pali mwala waukulu umene ukakwerapo phiri limaoneka lonse. Kupempha sindinapemphe. Mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sakhalirana pansi n'kumacheza, ndiye ndikanayambira pati kuwafotokozera za masewera a pafoni? Felista nayenso sindinamuuze, poti ankadandaula kale kuti foniyo yanditenga mtima. Ndinakumba kadzenje pafupi ndi mwalawo, n'kulowetsamo bokosi mpaka kungotsala chivundikiro, n'kuphimba ndi zinyalala. Pofuna kuti abusa a mbuzi asalinyamule, ndinamanga waya wopyapyala kuchogwirira, n'kumukoka chapansipansi kukamumangirira kuchitsa. M'katimo ndinaikamo kabuku, pensulo ndi tiziboliboli tamatabwa. Patsamba loyamba la kabukuko ndinalemba moni kwa alendo, dzina langa ndi nambala yanga ya foni.

Tsopano ndikuuzeni za apongozi anga. Anabwera kuno akadali mayi wachitsikana, akuthawa nkhondo ku Mozambiki, ndipo anakwatiwa konkuno n'kubereka Felista. Pa nthawi imene ndikunenayi anali amasiye, a zaka zopitirira makumi asanu ndi limodzi, koma olimba kuposa amuna ambiri pakhasu. Anali ndi khalidwe limodzi limene tonse tinkaliseka. Sankapatuka m'njira yopondedwa. Akaona chitini muudzu ankachilambalala patali. Malo okhawo amene ankayendamo momasuka anali m'munda mwawo, chifukwa mzere uliwonse anaulima ndi manja awo. Ndinkadziwa kuti anataya mwana kunkhondoko, koma sindinafunsepo kuti zinakhala bwanji.

Kutsidya kwa mwala uja kunali munda wa a Zuze, mmisiri wokhoma zidebe ndi mbaula, amenenso anabwera nthawi ya nkhondo. Anali munthu wosalankhulalankhula. Anthu ankanong'onezana kuti kwawoko anagwirapo mfuti, ngakhale panalibe amene anali ndi umboni. Iwo ndi apongozi anga anakhala akukangana zaka zambiri za malire a mundawo, makamaka chifukwa cha tsinde limodzi la nthochi.

Miyezi inayi inadutsa bwinobwino. Alendo awiri analipeza bokosilo n'kulemba pa intaneti mawu oyamikira, ndipo ndinkawawerenga mobwerezabwereza. Kenako inafika nyengo yososa. Zaka zonse apongozi ankalekezera patali ndi mwala uja, koma chaka chimenecho, chifukwa cha mkangano uja, anaganiza zososa mpaka m'malire mwenimweni.

M'mawa wa tsikulo ndinali ku Milonde kokonzetsa njinga. Wakabaza wina wa m'mudzi mwathu anandipeza n'kundiuza kuti ndithamangire kunyumba, m'munda mwa apongozi mwapezeka bomba. Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene chinapezekacho. Njira yonse ndinkadziuza kuti ndikangofika ndikanene, anthu akaseka, nkhani ikathera pomwepo.

Zimene ndinapeza sizinali zoseketsa. Mudzi wonse unali utazungulira mundawo chapatali. Pakati, okhaokha, panali apongozi anga ataima njo, khasu lili m'manja, phazi lamanzere lili pawaya. Khasu linali litapalasa zinyalala n'kuonetsa ngodya yobiriwira ya bokosi. Anali ataima choncho kwa ola lathunthu, dzuwa la Okutobala likuwawomba pamutu. Sankasuntha ngakhale chala, pokhulupirira kuti akangonyamula phazilo chiphulika. Aliyense akayesa kuyandikira, apongoziwo ankakuwa m'Chilomwe kuti abwerere, n'kumabwereza mawu amodzi akuti mina, amene kwawoko amatchulira bomba lokwirira pansi.

Felista anandithamangira akulira n'kundigwira mkono. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Nthawi yomweyo ndinamva mwamuna wina kumbuyo kwanga akunena kuti amene wachita zimenezi amuotcha wamoyo, ena n'kuvomereza. Ndinayang'ana nkhope za anthu amene ndinkapemphera nawo tchalitchi chimodzi, ndipo sindinazizindikire. Ndinadziuza kuti ndidikire pang'ono mitima itsike. Kuchokera pamene ndinaima kukafika pamene panali apongozi panali mapazi osakwana makumi atatu. Ndikanangoyenda, n'kukoka bokosilo, n'kulitsegula onse akuona.

Apolisi anafika pagalimoto, anayi, motsogozedwa ndi wapolisi wamkazi wachikulire. Anabweza anthu m'mbuyo, n'kumanga chingwe, ndipo mayiyo anayamba kulankhula ndi apongozi chapatali, mofatsa, kuwalimbitsa mtima. Anaimba foni kwa asilikali odziwa za mabomba, ndipo anamuyankha kuti sangafike tsiku lomwelo. Kenako anatembenukira kwa anthu n'kufunsa ngati alipo amene akudziwa za chinthucho. Anati ngakhale zikhale zochititsa manyazi, munthuyo anene, iye amuteteza, chifukwa chofunika n'kuchotsa mayi wokalambayo padzuwa. Atamva kuti ine ndine mkamwini wa pakhomopo, anabwera pamene ndinaima n'kundiyang'ana m'maso.

"Bambo, inu mumalima nawo munda uno. Simunaonepo kanthu pamwalapo?"

"Sindikudziwapo kanthu, bwana."

Mawu atatu aja ndi amenewo. Felista anali adakandigwira mkono.

Panapita mwina ola lina. Ndinaona miyendo ya apongozi ikuyamba kunjenjemera, kenako khasu linagwa, pakamwa panapotokera mbali imodzi, iwo n'kugwa chammbali pamizere. Anthu anadzigwetsa pansi kudikira kuphulika. Sikunaphulike kanthu. Felista anadumpha chingwe, wapolisi uja pambuyo pake, ndipo awiriwo anawanyamula kuwatulutsa m'mundamo. Galimoto ya apolisi ndi imene inawatengera kuchipatala cha Mishoni, Felista ali nawo.

Mwina mukuganiza kuti apa ndinalankhula. Ayi. Anthu anati mabomba akale amachedwa kuphulika, Mulungu yekha ndiye wachita chifundo. Ndipo dzina la a Zuze ndinalimva likuyamba, poyamba monong'ona, kenako mokweza. Wina anakumbutsa za mkangano wa nthochi. Wina anati munthu wokhoma zitsulo sangalephere kukonza bomba. Wina anati iye ankadziwa kale kuti mkuluyo anali msilikali. Apolisi awiri amene anatsala ankalondera mundawo, ndipo pamene mmodzi anathamangira kwa a Zuze anapeza anthu atawatulutsa kale m'nyumba. Anawalanditsa akutuluka magazi m'mutu, mano awiri atagululuka, n'kukawatsekera kupolisi. Denga la nyumba yawo linali likuyaka, zipangizo zawo za ntchito anthu anakazitaya mumtsinje, nthochi zonse anazikhapa. Ine ndinaima pamsewu ndikuona utsi. Sindinaponye mwala, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza ndi zimenezo ngati kuti ndi chinthu chonyadira.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinafika kuchipatala. Madokotala anali atanena kuti ndi sitiroko, mbali yonse yamanja yafa ndipo kulankhula kwatsekeka. Tinakhala ndi Felista pakhonde, ndipo kwa nthawi yoyamba anandiuza zimene mayi ake ankasunga mumtima. Pothawa nkhondo ankayenda ndi mwana wawo woyamba, wamkazi, wa zaka zisanu. Mwanayo anapatuka pang'ono kukatola mango amene anagwa muudzu, n'kukodwa pawaya wa bomba. Mayi ake anali mapazi ochepa kumbuyo, ndipo anaona zonse. Panalibe ngakhale choika m'manda. Felista atamaliza anatsamira paphewa langa n'kunena kuti akuthokoza Mulungu kuti ali ndi ine pa nthawi ngati imeneyi. Ndinamusisita kumsana. M'mutu mwanga munali chinthu chimodzi chokha, mmene ndingachotsere kabuku kaja m'bokosi. Koma apolisi sanachoke pamundapo.

Asilikali anafika mawa lake chakumasana. Ndinapita nawo kukaonerera, poopa kuti ndikapanda kuoneka anthu adabwa. Anagwira ntchito yawo mosamala kwa nthawi yaitali, mmodzi atavala zovala zolemera, akukwawa. Pomaliza anadula waya, n'kutsegula chivundikiro, n'kuimirira atanyamula kachiboliboli ka njovu. Ena anayamba kuseka, koma kusekako sikunapite patali. Wapolisi wamkazi uja analandira kabuku, n'kuwerenga tsamba loyamba, n'kutulutsa foni yake. Sanatchule dzina. Anangodina manambala, ndipo m'thumba mwanga munayamba kulira nyimbo ya kwaya imene ndinaiika pafoni. Anthu amene anali pafupi nane anayamba kusuntha mmodzimmodzi mpaka ndinatsala ndekha. Apolisi anandikankhira m'galimoto mwamsanga, ndipo ndikudziwa kuti akanachedwa pang'ono sindikanalemba zimenezi.

Kupolisi sanandimenye. Mwina akanandimenya zikanandipepukira. Wapolisi wamkazi uja anandikhazika pampando, n'kundiuza kuti ndifotokoze masewerawo. Ndinamuonetsa pafoni, ndipo anamvetsa msanga, pasanathe ndi mphindi khumi. Kenako anavula chipewa n'kuchiika patebulo.

"Mukanandionetsa zimenezi dzulo pamunda paja, ndikanakukalipirani, n'kukulandani bokosilo, basi. Mayi aja akanadya chakudya chamasana kunyumba kwawo. Ndinakufunsani, bambo. Ndinakuyang'anani m'maso."

A Zuze anawatulutsa tsiku lomwelo. Tinadutsana pakhomo, iwo mutu uli m'mabandeji, ndipo sanandiyang'ane. Ine ndinaimbidwa mlandu wonamiza apolisi ndi wochita zinthu zosokoneza mtendere. Ndinavomera zonse, ndipo khoti linandilamula kugwira ntchito zachitukuko kwa miyezi ingapo. Ena mwa amene anaotcha nyumba anamangidwa, ndipo abale awo mpaka lero amati ndine ndinawamangitsa. Anzanga operekeza alendo anakumana n'kugwirizana kuti sangandipatsenso mlendo, poti munthu amene amakhala chete wina ali pangozi sangadaliridwe kuphiri. Sindinawatsutse.

Ankhoswe anakhala pansi kamodzi kokha. Wanga anayesa kunena kuti zinali ngozi, sindinafune kuvulaza munthu. Felista anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pansi, kenako analankhula mosakweza mawu.

"Za bokosi ndikanakukhululukirani, amuna amachita zopusa zambiri. Koma ndinakugwirani mkono mayi anga akupsa ndi dzuwa, inu mukudziwa. Kuchipatala ndinakuuzani za mkulu wanga, inu mukudziwa. Ndizigona bwanji pafupi ndi munthu wotere?"

Katundu wanga anali atamumanga kale m'thumba. Mwana wanga wamkulu anali kusukulu, wamng'ono anabisala kuseri kwa nkhokwe, ndipo sindinatsanzike aliyense.

Panopa ndimakhala ku Thuchila kwa mchemwali wanga, ndipo ndimanyamula matumba pamsika. Apongozi anakhala miyezi isanu ndi iwiri ali gone pamphasa, osatha kudzidyetsa kapena kudzisambitsa, Felista akuwatembenuza. Ndinamva kuti Felista anayesa kuwafotokozera kuti m'bokosimo munali zidole, koma sizinkalowa. Mpaka tsiku lomaliza ankadzidzimuka akamva chitseko chikumenyetseka. Pamaliro anatumiza uthenga kuti ndisafike. Ana anga kusukulu amawatcha ana a Bomba, ndipo wamkulu anasiya kuyankha ndikamuimbira.

A Zuze sanamangenso nyumba ija. Anasamukira kwa abale awo kutsidya kwa malire. Mwezi wathawu ndinawaona pamsika wa Thuchila akugulitsa mbaula. Ndinazungulira kawiri ndisanalimbe mtima, kenako ndinagwada pafumbi patsogolo pawo n'kupepesa. Anandiuza kuti ndidzuke, anthu akuyang'ana. Anapukuta mbaula ndi kansanza, kenako anati:

"Inu simunatchule dzina langa. Munangokhala chete, anthu n'kutulutsa zimene anali nazo kale mumtima. Zaka makumi atatu ndakumba nawo manda m'mudzi muja, ndimayesa ndine mnzawo. Mano sandipweteka. Chimandipweteka n'chakuti tsopano ndadziwa; ndikanafa osadziwa zikanakhala bwino."

Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindinawafunse. Kunabwera wogula, iwo n'kutembenukira kwa iye.

Inu owerenga, masewerawa akufalikira, ndipo ndaona achinyamata ophunzira akuyenda ndi mafoni kufunafuna timabokosi. Sindikuti ndi oipa. Koma ngati mukufuna kubisa kanthu, sankhani chobisamo chimene munthu angaone m'kati mwake osachitsegula, ndipo mulembepo m'Chichewa ndi zilembo zazikulu kuti ndi masewera. Chikavunda ndi mvula mudzagula china. Chilichonse chooneka ngati cha asilikali chisiyeni pamsika pomwepo, waya musamange, pansi musakwirire. Kuno kwathu kuli anthu amene anawoloka malire atanyamula zinthu zimene sanauzepo munthu, ndipo chimene inu mukuti chidole iwo akuona imfa. Mwini malo muuzeni, ngakhale akhale munthu amene mumachita naye manyazi, ndipo a m'nyumba mwanu adziwe zimene mukuchita. Lamulo lija lakuti ena asakuoneni ndi la masewera chabe. Likafika pa moyo wa munthu, litayeni.

Ndipo wapolisi akakuimitsani n'kufunsa chimene mukuchita patchire ndi foni m'manja, musathawe, musapeke nkhani. Imani, manja aoneke, muonetseni foniyo, mupite naye pamene pali kabokosiko. Ngati pali gulu la anthu okwiya, mukokereni pambali mumuuze monong'ona, koma mumuuze nthawi yomweyo, pa funso loyamba. Ine ndinkati ndikudikira nthawi yabwino, koma mphindi iliyonse imene ndinadikira inachititsa kuti kulankhula kuvute kuposa kale.

Ndimadzuka m'mawa uliwonse n'kupita kumsika chifukwa mchemwali wanga sangadyetse munthu wongokhala. Anthu a kuno ambiri sadziwa mbiri yanga, amangoti ndine bambo wofatsa, wosakonda zolankhula. Akamandiyamikira choncho ndimasenza thumba n'kuchokapo.